Mwana Watentha Thupi, Matikiti Tagula Kale

Masiku ano mabanja ambiri a kwathu ali ndi mwana kapena mbale ku Johannesburg, ku Cape Town, ngakhale kutsidya kwa nyanja, ndipo sukulu zikatsekera pa Khrisimasi ena amatenga ana nakacheza kumeneko. Mwa malo onse amene mlendo amaperekezedwako, ana amakonda koposa paki ya masewero. Limeneli ndi bwalo lalikulu la mpanda, lolowa ndi tikiti, m'mene muli akatungwe a makina, timasitima tothamanga pa njanji zokhotakhota m'mwamba, ndi chigudumu chachitali chonyamula anthu m'timabokosi. Kholo likaona zimenezi koyamba, mtima wake umakhala pa makinawo: kodi chitsulo sichithyoka, kodi mwana saponyedwa pansi? Koma kunena zoona makina ndiwo amayang'aniridwa koposa zonse pa malo otere, pakuti ali ndi amisiri ao, malamba ao ndi malamulo ao. Chimene chiribe mlonda ndi thupi la mwana m'kati mwa khamu ndi pa dzuwa, ndipo chimene chimasokoneza nzeru za kholo ndi ndalama imene lalipira kale.

M'chaka cha 2018 ine ndi mai a kunyumba tinaitanidwa ndi mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa ku Johannesburg. Tinapangana kutenga adzukulu awiri amene timakhala nao, mtsikana wa zaka 10 ndi mnyamata wa zaka 6, kuti akaone asuweni ao. Mkamwini wathu anali atawalonjeza kale kuti adzapita nao ku Gold Reef City. Ulendo unali wa mu Disembala, koma mu Okutobala mwana wathuyo anaimba lamya nati, "Amai, taonani makadi a kusikelo ngati anawo analandira katemera wa chikuku. Khanda langali lidzakhala ndi miyezi inai yokha pamene mufika, ndiye kuti lisanabayidwe." Makadiwo anapezeka pansi pa sutikesi, ndipo anamwino a pa chipatala chathu chaching'ono anatsimikiza kuti zonse zinali m'malo. Mwana wathu anafunsiratu msanga chifukwa katemera sagwira tsiku lomwe wabayidwa. Thupi limafuna masabata awiri kapena atatu kuti likonze chitetezo chake, kotero kuti wobayitsa mwana dzulo lake la ulendo wangomliza chabe.

Kuti mumvetse chifukwa chake mai wa khanda anaopa, ndikuuzeni zimene zinachitika ku paki yotchuka koposa zonse, ya Disneyland, mu mzinda wa Anaheim ku California, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1955. Dziko la America linali litalengeza m'chaka cha 2000 kuti chikuku chatha m'dzikomo. Koma pakati pa 17 ndi 20 Disembala 2014, munthu wina wodwala chikuku anayenda m'pakimo pakati pa anthu zikwizikwi, ndipo akuluakulu a zaumoyo sanathe kumpeza ngakhale anafufuza kwambiri. Pa 5 Januwale 2015 anamva za mwana wa zaka 11, wosabayidwa, amene anagonekedwa m'chipatala atachokera ku pakiko. Pofika pa 11 Febuluwale odwala anali 125, ndipo 110 mwa iwo anali a ku California komweko. Mwa 110 amenewa, 49 sanalandire katemera, ndipo 12 mwa iwo anali makanda osafika pa msinkhu wobayidwa. Pomaliza odwala anakwana 147 m'zigawo 7 za dzikolo, matendawo nalumphiranso ku Mexico ndi ku Canada. Ambiri mwa odwalawo sanapondeko n'komwe ku pakiko. Ena anawatengera kunyumba ndi m'zipatala kwa odwala anzao.

Makanda 12 aja ndiwo amandikhudza mtima. Makolo ao sanalakwe kanthu, ndipo panalibe china chimene akanachita. Chitetezo chao chonse chinali m'manja mwa anthu osawadziwa, amene anayenera kubayitsa ana ao, kapena kukhala kunyumba poona kuti m'banja muli wodwala. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa nkhani ya chikuku mauwa ali oona kwenikweni. Kachirombo kake kamayenda mu mpweya, ndipo kamatha kukhala m'chipinda maola awiri wodwalayo atatulukamo. Mwa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala pafupi ndi wodwala, 9 angathe kutenga. Choipitsitsa n'chakuti munthu amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanatuluke, pamene iye ndi abale ake akuyesa kuti ndi chimfine wamba: thupi kutentha, kutsokomola, mamina, maso kufiira. Tsono taganizani mzere wa pa paki, m'mene anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana amaima mothithikana theka la ola kapena ola lathunthu, ena m'nyumba zotsekeka. Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa za ukali wa matendawa. M'chaka cha 2010 anthu oposa 134,000 anadwala chikuku m'dziko muno, ndipo oposa 300 anamwalira. Chikuku chimabweretsa chibayo, kutsegula m'mimba, ngakhale khungu. N'chifukwa chake kusikelo amabaya kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo kachiwiriko ndiko makolo ambiri amaiwala mwana akayamba kuyenda.

Tinanyamuka pa basi kudzera ku Dedza, Tete, Harare ndi Beitbridge, ulendo wa masiku awiri wotupitsa miyendo. Mai a kunyumba anatenga kachikwama kao ka m'manja m'mene munali mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi okwanira masiku onse, mapaketi a Thanzi, panado wa ana, sopo ndi makadi aja. Kachikwamako sikanapite ku katundu wa pansi pa basi, chifukwa katundu amatha kusochera pa malire.

Tsiku la ku paki linaikidwa patapita masiku 5 chifikire. Mkamwini anapempha tchuthi ku ntchito, nagula matikiti, nalipiriratu galimoto yotitenga tonse. Kutacha m'mawa wa tsikulo, mdzukulu wamwamuna uja anapezeka atavala kale, nsapato kuphazi, atakhala phee pa mpando. Mwana ameneyu sakhala phee. Agogo ake anamgwira pa mphumi, napeza kuti thupi liri moto. Iye anati, "Agogo, ine ndiri bwino, sindikumva kalikonse," koma phala linamkanika. Makolo, dziwani ichi: mwana amene walonjezedwa chinthu chokoma amabisa matenda koposa munthu wamkulu, ndipo mukamfunsa ndi pakamwa pokha adzakuuzani zimene zingampititse ku ulendo.

Mkamwini wathu ndi munthu wabwino ndi waulemu, ndipo maganizo ake anali amene bambo aliyense angakhale nao. Anandiitanira pambali nati, "Bambo, mwina n'kutopa kwa pa basi. Timpatse panado, thupi lizizira, tikafika kumeneko aiwala. Tsiku la tchuthi ndi lomweli, galimoto nayo iri panjira." Sanali kunama pa za panado. Panado amaziziritsadi thupi kwa maola angapo, ndipo mwana akanatha kuseka ndi kuthamanga mpaka masana. Koma panado sachiza chimene chatenthetsa thupi, amangochiphimba. Mai a kunyumba, monga mwa mwambo wathu, sakanatsutsana ndi mkamwini maso ndi maso, choncho analankhula kwa mwana wao m'khichini, mau ali pansi koma omveka m'nyumba monse: "Uwauze bambo a mwana kuti sitidziwa chimene chalowa m'thupi mwa mwanayu. Ngati chiri chopatsirana, kumeneko kuli makanda a eni ake. Ngati ali malungo, dzuwa la tsiku lonse limugwetsa. Ndalama imapezeka, apite naye akamuyeze." Mkamwini anakhala chete kanthawi, kenaka anaimbira mwini galimoto kuti asabwere. Ndalama ya galimotoyo inapita, ndipo mtsikana wa zaka 10 analira mpaka nthawi ya chakudya cha masana.

Kuchipatala mwana wathu ananena msanga kuti mnyamatayu wachokera ku Malawi sabata lomwelo. Mau amenewa ndi ofunika koposa. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa malungo, kotero dokotala wa kumeneko poona mwana wotentha thupi sayamba ndi kuganiza za malungo, pokhapokha mutamuuza kumene mwachokera. Koma malungo amayenda ndi munthu. Udzudzu ukaluma lero, matenda amaonekera patapita sabata limodzi kufikira mwezi, ndiye kuti mwana wolumidwa ku Salima angathe kudwalira ku Johannesburg kapena ku London. Anamtenga magazi pa chala, ndipo anapezekadi malungo. Anamwa mankhwala a masiku atatu nachira. Ndimaganizabe za mwana ameneyo akanakhala pa mzere pa dzuwa la masana, panado atatha mphamvu, ife tikuti watopa ndi kusewera.

Tinapita ku paki patapita masiku 10, Loweruka, khanda ndi mai wake atatsala kunyumba. Khanda la miyezi inai silipindula kanthu pa malo otere, silikumbukira, ndipo limangolandira dzuwa, phokoso ndi mpweya wa anthu.

Gold Reef City inamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, ndipo nsanja ya chitsulo ya pa dzenje lake inali chiimire. Ine amene ndinakula ndikuona amuna a m'mudzi akupita ku Joni pa Wenela, ena nabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena ndi chifuwa chosatha cha fumbi la miyala, ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kumene agogo ao anatsikira kukafuna ndalama, adzukulu amalipira ndalama kuti atsikeko kukaona. Koma ana sanandipatse mpata woti ndilingalire zambiri, anali kundikoka dzanja.

Mdani wa tsikulo anali dzuwa. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, pamwamba kuposa Dedza, ndipo kamphepo kake kozizirira kamanyenga. Munthu samva kutentha ngati kwa ku Nsanje, koma dzuwa limaotcha khungu ndi kuumitsa thupi mwakachetechete, makamaka kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko. Mwana amene ali pa chisangalalo sapempha madzi. Mai a kunyumba sanadikire kupemphedwa. Potuluka pa masewero alionse aliyense anali kumwa, wofuna ndi wosafuna yemwe, ndipo analamula kuti zakumwa za shuga zibwere pambuyo pa madzi, osati m'malo mwake. Njira yao yoyesera inali yachikale koma yoona: kufunsa mwana ngati wapita kukataya madzi, ndi maonekedwe ake. Mkodzo woyera ndi wabwino. Wachikasu kwambiri ndi wochepa ukutanthauza kuti thupi lauma, ndipo mwana amene watha maola ambiri osakodza ayenera kukhala pamthunzi ndi kumwa. Akayamba kudandaula mutu, chizungulire ndi mseru, masewero atha kwa iye kufikira atatsitsimuka. Koma akayamba kulankhula zosokonekera, kapena kufooka ngati akomoka, thupi liri lotentha kwambiri, musataye nthawi: mthireni madzi, mkupizeni, ndipo wina athamangire a chithandizo choyamba. Mapaki akuluakulu amakhala ndi chipinda cha chithandizo chotere, ndipo mkamwini anachifunafuna pa mapu tisanakwere kanthu kalikonse. Chipewa chikhale pamutu pa aliyense. Khungu lakuda nalonso limapsa, ndipo mwana wachialubino afunika malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa opakidwa mobwerezabwereza.

Za nsapato ndinene mwachidule. Tiri ndi chizolowezi chovala zatsopano pa Khrisimasi, koma ku paki munthu amayenda ndi kuima tsiku lonse pa simenti yotentha. Ndinaona atsikana angapo atanyamula nsapato zokongola m'manja, akutsimphina ndi matuza. Adzukulu athu anavala zakale za kusukulu, monyinyirika.

Chakudya cha pa malo otere n'chodula, ndipo mtima wa Mmalawi umafuna kunyamula kamba wa mpunga ndi nkhuku. Mapaki ena salola kulowa ndi chakudya, choncho kamba uja amatsala m'galimoto yotsekedwa pa dzuwa kuyambira m'mawa, anthu nakamudya madzulo. Pamenepo ndi pamene mabanja ambiri amatengera kutsegula m'mimba, kenaka n'kumanamizira madzi a dziko lachilendo. Chakudya chophika sichiyenera kukhala kunja kwa firiji koposa maola awiri, ndipo mpunga ndiwo woopsa, pakuti tizirombo tina ta mumpunga sitifa pophika, ndipo ukakhala pofunda timatulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Ife tinadya phala lokhuta kunyumba, tinagula chakudya chotentha kamodzi masana, ndipo m'galimoto tinasiya buledi, mtedza ndi malalanje, zimene dzuwa siliononga.

Tisanadye, mai a kunyumba anatiyendetsa tonse ku mpopi, ndi mkamwini yemwe. Tayesani kuwerenga manja amene agwira chitsulo chimodzi cha pa mzere kuyambira m'mawa, ndipo mudzaona kuti sanali kuvutitsa. Kusamba kwake n'kwa sopo, masekondi 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Mankhwala opaka m'manja aja tinazolowera m'nyengo ya Covid-19 amathandiza pamene palibe mpopi, koma sapha bwino kachirombo ka norovirus, kamene kamasanzitsa ndi kutsegula m'mimba ndipo kamakonda malo a khamu. Mapaki ena ali ndi maiwe osambiramo, ndipo makolo amakhulupirira fungo la klorini. Komabe kuli kachirombo kotchedwa Cryptosporidium kamene kamakhala ndi moyo masiku oposa 7 m'madzi othiridwa klorini bwino lomwe. Mwana wotsegula m'mimba asalowe m'dziwe ngakhale alire chotani, ndipo osambirawo auzidwe kuti madziwo si akumwa.

Tsono makina aja. Pa khomo la alionse pali ndodo yoyezera msinkhu ndi chikwangwani chochenjeza odwala mtima, a kuthamanga kwa magazi, a msana ndi khosi, ndi amai oyembekezera. Ndinaona bambo wina akuuza mwana wake kuti anyanyamphire pa zala kuti afike pa mzere wa ndodoyo, ndipo wantchito anamubweza mwaulemu. Wantchitoyo anachita bwino. Malamba ndi zitsulo zogwira munthu zinapangidwira thupi la msinkhu wakutiwakuti, ndipo mwana wochepa angathe kupulumukamo. Ine ndinawerenga chikwangwani cha pa Anaconda, sitima imene anthu amalendewera kunsi kwa njanji miyendo iri m'malere nazondotsedwa mutu pansi, ndipo ndinakhala pa benchi kusunga zipewa. Kwa inu anyamata ndi atsikana ndinene kuti palibe manyazi kukana pamene anzanu akukukokani, makamaka mutangodya kumene. Mseru wa pa makinawa umabwera chifukwa maso akuuza ubongo china, pamene m'kati mwa khutu, m'mene muli chiwalo chosunga munthu kuti asagwe, mukunena chinanso. Ana a zaka 2 kufikira 12 ndiwo amavutika nao kwambiri. Mtsikana wathu anatsika pa makina ena ozungulira nkhope itasintha, ndipo anakhala pamthunzi theka la ola akuyang'ana kutali, namwa madzi pang'onopang'ono, mpaka anayambanso kulongolola.

Cha m'ma 3 koloko funso la m'mawa uja wa malungo linabweranso m'maonekedwe ena. Mnyamata amene anali atangochira anayamba kukwiya popanda chifukwa ndi kupempha kuberekedwa. Mitambo yakuda inali kusonkhana, monga imachitira kumeneko masana a dzinja, ndi ziphaliwali patali. Paki inali isanatseke, ndipo panali masewero ena amene tinali tisanawafike. Pa ola limenelo mumamva makolo ponseponse akukalipira ana olira kuti, "Talipira ndalama zambiri, tiyeni!" Tikiti imasanduka kapitao, banja lonse n'kumaigwirira ntchito. Koma ndalamayo inapita pa khomo m'mawa, ndipo siibwerera chifukwa choti mwana wakwera makina ena awiri akulira. Ulendo uno mkamwini ndiye anayamba kunena, "Bambo, ndiona ngati anawa akwanira, tizipita mvula isanatipeze." Mnyamata anagona tisanatuluke n'komwe pa malo oimika magalimoto.

Titabwerera kumudzi, mai a kunyumba analemba chizindikiro pa kalendala pa tsiku la 21 kuchokera tsiku la ku paki, pakuti chikuku chimatha kubisala m'thupi kufikira masabata atatu chisanaonekere. Anapangananso ndi mpongozi wathu, mai wa anawo, kuti wina akatentha thupi ndi kutuluka zidzolo m'masiku amenewo, asapite kusukulu kapena ku Sande Sukulu, ndipo pofika naye kuchipatala anene pakhomo pomwe kuti mwanayu anali kunja kwa dziko pa malo a anthu ambiri, kuti asamkhazike pa benchi limodzi ndi amai a makanda odikira sikelo. Masiku 21 anakwana sukulu zitatsegulira kale, onse awiri ali bwino, ndipo mnyamata anali atauza kalasi lonse kuti anakwera Anaconda, pamene msinkhu wake sunafike n'komwe pa ndodo ija.